Siyani Nambala Yanu Apa

1

Anthu akakwera masitepe kudzandiona kuno, pamwamba pa shopu ya mabedi, sachedwa kufunsa kuti nyumba yabwino chonchi ndinaipeza bwanji. Ndimawayankha kuti ndinaipambana pa mpikisano. Iwo amaseka, ine n'kusekanso, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ndiikamba yonse, chifukwa yandilemera m'mimba.

Ndinakwatiwa m'banja la ogulitsa mabedi ndi matiresi. Mwini wake wa bizinesi ndi apongozi anga aakazi, mayi wamasiye woti akangotsokomola antchito onse amaimirira. Amuna anga amayendetsa lole yoperekera katundu kwa makasitomala. Ine ndinkakhala pa kauntala, madzulo n'kubwerera m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya apongozi. Tinalowamo titangokwatirana, akuti mongoyembekezera. Ana athu awiri anabadwira momwemo mpaka kuyamba sukulu, ife tikuyembekezerabe.

Apongozi anga kugogoda sankakudziwa. Ankangokankha chitseko, ulendo wa kuchipinda kwathu, n'kudina matiresi ndi chibakera ngati akufuna kugula. "Mumawatembenuza koma? Katundu wanga ameneyu." Akachoka apo ankavundukula mapoto, kununkhiza matawulo, kusuzumira kunsi kwa bedi. Ndikadandaula, amuna anga ankangoti, "Ndi mayi anga, ukufuna ndiwamange miyendo?"

Ndiye kunabwera nkhani yoti akutsegula shopu yachiwiri kutsidya kwa tauni, ndipo pamwamba pake pali nyumba ya zipinda zitatu, ya khonde lake ndi makiyi ake. Nditamva, mtima wanga unasamuka tsiku lomwelo, thupi lokha ndi lomwe linatsala kuseri kuja.

2

Amuna anga ali ndi mng'ono wawo wosakwatira, yemwe anapita kukachita kosi yaifupi ya malonda a pa intaneti. Anabwerako ndi satifiketi, magalasi opanda mankhwala ndi kayendedwe katsopano. Antchito anamupatsa dzina loti Katswiri pomunyoza, iye n'kulilandira ndi manja awiri.

Tsiku lina m'mawa, tisanatsegule shopu, anaika laputopu pa matiresi a pachionetsero n'kutiitana tonse.

"Amayi, masiku ano kasitomala sadikiridwa pakhomo, amatcheredwa," anatero. "Tikufunika tsamba limodzi basi. Pamwamba chithunzi, pakati mawu akuluakulu oti PAMBANANI MATIRESI AULERE, m'munsi kabokosi: siyani nambala yanu apa. Palibenso china chowerenga, palibe kwina kodina. Munthu akalowa, asiye nambala kapena atuluke. Akasiya, ife tizimuimbira mpaka agule."

Ine pakamwa panandiyabwa. "Alamu, munthu wosamudziwa atakuimitsani pamsewu, moni osapereka, n'kunena kuti ndipatseni nambala yanu, mungamupatse?"

"Ngati wanyamula matiresi aulere, eya."

"Bwanji tikhale ndi tsamba la nkhani? Tizilembapo zothandiza anthu: matiresi oyenera munthu wa msana, kuthana ndi nsikidzi, kugoneka mwana. Munthu awerenge, atizolowere, atikhulupirire. Tsiku lofuna bedi, miyendo idzamubweretsa yokha."

Katswiri anavula magalasi aja kuti andione bwino. "Imeneyo ndi nyuzipepala, alamu, si malonda. Anthu awerenga, akhuta, n'kukagula kwa anzathu, inu osawadziwa ndi dzina lomwe."

Zinandiwawa chifukwa mbali ina ankanena zoona. Tinakangana mpaka wosesa anatsamira tsache lake n'kumaonerera. Apongozi anamenya kauntala.

"Phokoso lakwana. Aliyense apange lake. Mwezi ukatha, amene wandibweretsera anthu ndi amene akayendetse shopu yatsopano, ndipo nyumba ya pamwamba ndi yake."

Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina atsinzinira diso pondilimbikitsa. Iwo anali kalikiliki kuchotsa dothi m'zikhadabo ndi kiyi wa lole.

3

Masiku oyamba Katswiri ankayenda ngati wakwezedwa kale. Foni yake inkangoti ting'i, ting'i, manambala akugwera m'kabokosi. Akadutsa pa kauntala ankandifunsa mwachifundo chabodza, "Nanga nsikidzi zija, alamu, zawerenga?"

Tsamba langa linali zii. Nkhani ya msana anaiwerenga anthu oti ungawakweze njinga imodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ndinali ine ndemwe.

Mavuto a Katswiri anayamba atayamba kuimba mafoni aja. Nambala yoyamba sinkapezeka. Yachiwiri anayankha ndi bambo wina amene anamutukwana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akuti nambala yake anaisiya ndi mnzake wodana naye. Ina inali ya kumalo ogulitsa mabokosi a maliro. Ena ankayankha mosangalala, "Ndapambana eti?" Akamva kuti ayi koma pali mtengo wotsika, foni ankaidula asanamalize mawu. Komabe manambala ankachuluka, ndipo iye ankawaonetsa kwa amayi ake tsiku ndi tsiku.

Ine ndinaona nyumba ija ikundipulumuka. Masana ena, apongozi atangochoka kumene kukapimanso matiresi athu, ndinakhala pa kompyuta ya pa kauntala mtima ukuwira. Sindinalembe za msana. Ndinalemba za mayi wina wokhala kuseri kwa apongozi ake, omwe amalowa m'chipinda osagogoda. Ndinasintha pang'ono apa ndi apo, n'kusaina kuti Mpongozi Wotopa. Kumapeto ndinangoika kamzere koti munthu wovutika chonchi ayenera kugona pabwino, ndi dzina la shopu yathu.

Abale, kunagwa anthu! Amayi ankatumizirana nkhaniyo m'mafoni, kuilemba ndemanga, kuulula za apongozi awo zoti sungaziuze mwana. Ndinalemba yachiwiri, ya mwamuna woliza mkonono ngati jenereta. Yachitatu, ya mlamu wophunzira milungu yochepa n'kuiwala kupereka moni. Anthu anayamba kulowa m'shopu akuseka kale, kufunsa za Mpongozi Wotopa, n'kutuluka ndi mapilo, ena matiresi, ena bedi lathunthu.

Kunyumba ndinawauza kuti nkhanizo amatumiza ndi owerenga. Amuna anga sanandidetse nkhawa, iwo chinthu chotalika kuposa chikwangwani cha pamsewu sawerenga. Apongozi ndiwo ankandiuza kuti ndiziwawerengera, ndipo ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Koma kunjaku kuli azimayi oipa! Kulowa m'chipinda cha mwana wako osagogoda? Alibe manyazi?"

"Alibiretu, amayi," ndinkatero ine, maso ali pa kompyuta.

4

Vuto la tsamba la nkhani ndi loti limadya tsiku ndi tsiku, silikhuta. Owerenga anayamba kufunsa kuti kodi mwamuna wa Mpongozi Wotopa amangoliza mkonono basi, alibe tchimo lina? Za apongozi zinali zitandithera, mwezi usanathe.

Ndiye ndinapeka. Ndikubwereza kuti mundimve bwino: ndinakhala pansi n'kupeka bodza. Ndinalemba kuti mwamunayo, yemwe amayendetsa galimoto ya katundu, anakatula bedi kwa mkazi wina, ndipo kuyambira tsiku limenelo amapitako pafupipafupi kukaona ngati miyendo yake idakali yolimba. Bodza lopanda zokometsera siligwira, choncho ndinatola zomwe zinali pafupi. Tinali ndi bedi lina lobiriwira lomwe linakhala nthawi yaitali pachionetsero osagulidwa, kenako linangosowa, apongozi n'kunena kuti lapeza mwini. Ndinaliika m'nkhani. Chitseko cha lole yathu chimamangidwa ndi waya, ndinachiikamo. Amuna anga nthawi zina ankabwera akununkhira mankhwala owongolera tsitsi, akuti amanyamula anthu panjira. Fungolo ndinaliikamonso, ndikudziyamikira kuti koma ndili ndi luso.

Nkhani imeneyi inaposa zonse. Koma nditawawerengera apongozi, sanaseke. Anangoti, "Iyi ndi yopanda ulemu. Uichotse."

"Amayi, ndi imene yabweretsa anthu ambiri."

"Ndati uichotse."

Ndinati chabwino, koma sindinachotse. Ndinaganiza kuti ndi ukalamba chabe, nkhani za kuchipinda zawachititsa manyazi. Ndinali nditayamba kale kuyeza makatani a nyumba ya pamwamba m'mutu mwanga. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, Katswiri anabwera ndi laputopu kudzaonetsa mulu wa manambala ake. Antchito anali atayamba kunong'ona kuti manambalawo ndi mizukwa, ndipo zinamufika. Anadziguguda pachifuwa pamaso pa tonse.

"Loweruka ndiwaitana onse abwere kuno kudzachita mayere a matiresi aja. Muone nokha, amayi. Mubwereke mipando."

5

Mipando inabwerekedwa, tenti inamangidwa pakhomo pa shopu, zokuzira mawu zinaikidwa. Pofika masana, mipando yambiri inali ikuwothera dzuwa yokha. Mwa anthu onse a m'kabokosi, kunabwera kagulu kochepa: agogo ena aamuna ogontha khutu limodzi, ana asukulu angapo, amayi pang'ono. Anthu ambiri anali m'kati mwa shopu, owerenga anga, akudina matiresi ndi kufunsa mitengo.

Katswiri anaona kuti madzi afika m'khosi. Anatenga maikolofoni.

"Amayi, abale, tisanachite mayere pali chinthu choti mudziwe. Mpongozi Wotopa amene mukumukondayu palibe kwina komwe ali. Ndi alamu angawa, awo ali pa kauntalawo. Apongozi osagogoda aja ndinu amayi. Mlamu wopanda moni uja akuti ndine. Zimenezo tikhoza kukhululuka. Koma kunamizira achimwene anga, munthu wosalakwa, kuti anakatula bedi lobiriwira kwa chibwenzi? Kugulitsa ulemu wa banja chifukwa cha nyumba?"

Anthu anatuluka m'shopu kudzaunjikana pakhomo. Amuna anga anali atatsamira lole, botolo la chakumwa lili m'manja, ndipo atamva za bedi lobiriwira anatsamwa. Ndinaona kuti chotsala n'kuvomera basi, mwina ukwati wokha ungapulumuke. Ndinayenda mpaka pa tenti.

"Ndi zoona, ndinalemba ndine. Za amayi ndipepesa. Koma za bedi lobiriwira ndinangopeka, palibe choona ngakhale chimodzi. Amuna anga sanachitepo zimenezo."

"Mwati amuna a ndani?"

Anafunsa ndi mayi wina wa pa mipando ya Katswiri, wa tsitsi lokonzedwa bwino ndi zikhadabo zofiira. Anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana ine, kenako lole, kenako ine.

"Bedi lobiriwira lili kwanga. Ndine wa saluni ya kuseri kwa msika. Nkhani yanuyo anandiwerengera makasitomala anga ndikuwatsuka m'mutu, ine n'kumaganiza kuti pali mkazi wina amene anapatsidwanso bedi ngati langa. Bambo atsamira lolewo anandiuza kuti sanakwatire, amakhala ndi mayi awo." Anatembenukira kwa apongozi anga. "Amayi, si inu mumabwera kudzakonzetsa tsitsi kwanga? Si inu munati ndisamabwere kushopu chifukwa ndi pantchito? Nambala ndinasiya m'kabokosi kaja, ndiye atandiimbira a pashopu pano dzana ndinayesa ndinu mwandikonzera mphatso, paja bedi lija linabwera ndi matiresi akutha. Nanga nyumba ya pamwamba munati tilowa mwezi wamawa ija?"

Agogo ogontha aja anafunsa mokweza ngati mayere ayamba.

Katswiri anatsitsa maikolofoni. Iye sankadziwa kanthu. Mwa manambala onse omwe anatchera, msampha wake unagwiramo imodzi yoona mopitirira muyeso, ndipo anaiimbira yekha ndi mawu aulemu. Nditayang'ana komwe kunali amuna anga, ndinangoona botolo lili pansi, lole ikukhota pakona, chitseko cha waya chikuombera.

Sindinalire pamenepo. Chimene chinandipweteka kwambiri si mkaziyo, iyenso anapusitsidwa ngati ine. Chinali choti ndinaimirira pagulu kuyeretsa dzina la munthu wakuda kale. Bedi ndinaliona likusowa, fungo ndinalimva, zonse ndinazilemba ndi manja anga, koma mutu wanga unakana kuwerenga zomwe manja analemba.

6

Lolemba m'mawa apongozi anandiitanira mu ofesi yawo, kachipinda kodzaza mapilo a m'mapulasitiki. Anatseka chitseko. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere.

"Umayesa sindinadziwe kuti mayi wosagogoda uja ndine?" anatero. "Ndinadziwa pa nkhani yoyamba pomwe."

"Nanga munkasekeranji?"

"Mabedi amatuluka. Munthu akamakutukwana uku akukugulitsira katundu, umamusiya amalize."

"Ndiye mpikisano uja unali wa chiyani, ngati nyumba munali mutalonjeza kale wina?"

Anakonza mpango wawo. "Ndinkadziwa kuti apambana mlamu wako, iye ndi amene anapita kusukulu yake. Alibe mkazi, akanakhalabe kwa ine, nyumba n'kukhala yopanda munthu. Ndinkadziwa bwanji kuti anthu amakonda miseche kuposa matiresi aulere?"

"Inu ndinu mayi. Ana anga ndi adzukulu anu."

"Nayenso mwamuna wakoyo ndi mwana wanga. Ndikanatani, ndimutaye?"

Foni ya pa desiki inalira, iwo osaitenga. Kuyambira Loweruka lija inali isanapume. Anthu anali atajambula zonse, ndipo pa tsamba langa ndemanga zinali mbwee, aliyense akufunsa kuti Mpongozi Wotopa alemba liti zotsatira. Apongozi anatsegula kabati, n'kutulutsa makiyi, n'kuwaika pakati pathu.

"Shopu yatsopano ndi nyumba yake. Wapambana, sindikana. Koma pa tsamba lija dzina langa, mpango wanga, ngakhale chifuwa changa, zisadzaonekenso."

Ndinawayang'ana makiyiwo. Ndinkadziwa kuti akundigula pakamwa. Ndinkadziwanso kuti makiyiwo ndinawagwirira ntchito, ndipo ana anga akufunika pogona posakhala pansi pa maso a munthu amene anakonzera bambo awo chisa china.

"Ndilowa ine ndi ana," ndinatero. "Mwana wanu atsale kuseri kuja. Muzikamutembenuzira nokha matiresi."

Ndinatola makiyi.

7

Owerenga anzanga, amalonda ambiri amandifunsa kuti chabwino n'chiti, tsamba lotchera manambala kapena tsamba la nkhani. Ndimawauza zomwe ndinaona. Lotchera limagwira msanga, koma limagwira chilichonse, ndipo sudziwa chomwe wakola mpaka chitaimirira pagulu n'kuyamba kuyankhula. La nkhani limachedwa, koma anthu ake amabwera akukudziwa kale, chikwama chili chotsegula. Mtengo wake ndi woti limafuna kudyetsedwa, ndipo ukasowa cholidyetsa umayamba kudula za m'nyumba mwako. Ine ndinadula mpaka ndinafika pa fupa.

Lonjezo langa kwa apongozi ndinasunga, pa tsamba la shopu sindinawatchulenso. Za magazini mukuwerengayi sitinapangane.

Mayi wa saluni uja anabweza bedi lobiriwira pa ngolo yobwereka, n'kulitula pakhomo pa apongozi dzuwa likuswa mtengo. Katswiri anavula magalasi, ndipo masiku ano amapereka moni. Ndi iye amene anabwera yekha, mwamanyazi, kudzandiikira kabokosi kake kumapeto kwa nkhani zanga, kuti munthu akawerenga n'kukhutira, asiye nambala mwa kufuna kwake. Zikuyenda bwino kuposa mmene aliyense wa ife ankachitira payekha, ndipo zimatinyansa tonse awiri kuvomereza.

Inu amayi anzanga, mukaona kanthu kakusowa m'nyumba, fungo lachilendo likulowa, musathamangire kunena kuti ndi maganizo chabe ngati mmene ndinachitira ine. Nyumba ndinaipeza, ndipo ndimagona bwino, koma sindikunamizani kuti sizipweteka. Mwana wamng'ono amafunsabe kuti adadi abwera liti kudzaona khonde.

Foni ya amuna anga ndinaitseka, masitepe anga sakwera. Ndiye apeza njira ina. M'mawa uliwonse ndikatsegula kompyuta kuti ndione omwe asiya manambala, yawo imakhala pomwepo pakati pa makasitomala, dzina lonse lolembedwa bwinobwino, munthu amene sanawerengepo nkhani yanga ndi imodzi yomwe tili limodzi. Ndimaiyang'ana kanthawi, mtima n'kuchita kulemera. Kenako ndimaidumpha, n'kuimbira wotsatira, amene akufuna bedi.